NDEGE ZA AFALANSA ZIMENE ZINKATERA KU TETE NDI KU BROKEN HILL

Pa 29 July 1934 ndege ya injini zitatu inanyamuka ku Tananarive, mzinda waukuru wa pa cisumbu ca Madagascar, itasenza matumba a makalata. Inatera pa dooko la Majunga, inaoloka nyanja ya mcere kufika ku Mozambique, ndipo pocoka kumeneko inatera ku Quelimane, ku Tete, ndi potsiriza ku Broken Hill, mzinda wa mgodi umene lero dzina lace ndi Kabwe, m'dziko la Zambia. Ndegeyo inali ya Afalansa, oyendetsa ace anali Afalansa, ndipo makalatawo ankapita ku Paris. Koma njira yace inadzera pamwamba pa midzi ya Asena, Anyungwe, Acikunda ndi Ansenga, ndipo inatero mlungu ndi mlungu kwa zaka zingapo.

Omvera ambiri a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe anamvapo za Imperial Airways ndi za Central African Airways, popeza makampani amenewo anali a Angerezi, amene ankalamulira maiko atatuwa masiku aja. Za ndege za Afalansa ndi ocepa amene azikumbukira. Nkhani ya lero ifotokoza cimene cinawatengera anthu amenewa ku Broken Hill, kumene analibe dziko kapena malonda, ndiponso cifukwa cimene analekera njira ya pa nyanja ya Nyasa, imene anali ataiyesa kale zaka 8 m'mbuyo mwace.

Afalansa analanda Madagascar ndi nkhondo m'caka ca 1895, ndipo mu 1896 analengeza kuti cisumbuco ndi cao. Kuyambira pamenepo akuru a Boma, asilikari, amalonda ndi amishoni anakhala kumeneko, kutali ndi kwao. Kalata yocokera ku Paris inkakwera sitima ya pamadzi ku Marseille, nidzera m'ngalande ya Suez ndi m'Nyanja Yofiira, nitsika m'mbali mwa gombe la kum'mawa kwa Africa, sitimayo ikuima pa madooko ambiri. Ndipo pofika ku Tananarive unali utatha pafupifupi mwezi. Munthu wolemba funso mu January ankalandira yankho mu March. Lamya inalipo, koma mau ace ankalipiridwa limodzi limodzi, ndipo mapangano a malonda, mapepala a ndalama ndi zithunzi za ana sizidzera m'waya.

Makampani a ndege a ku France anabadwa nkhondo ya 1914 itangotha. Dzikolo linatsala ndi ndege zikwi zambiri zopanda nchito, anyamata odziwa kuuluka amene sanaphunzire nchito yina, ndi mafakitale osowa ogula. M'caka ca 1919 eni mafakitalewo anayamba kunyamula anthu ndi makalata. Abale a banja la Farman anatumiza ndege yao yaikuru, Goliath, kucokera ku Paris kunka ku London mu February; ndipo mu September Pierre-Georges Latécoère anatsegula njira ya makalata kucokera ku Toulouse kufika ku Morocco, imene mu 1925 anaifikitsa ku Dakar. Panalibe kampani yokhoza kudziimira yokha. Onse ankadalira ndalama za Boma, ndipo cimene Boma linkafunitsitsa ndi makalata. Ndege za masiku amenewo zinali zofooka, kotero kuti kulemera kwa munthu mmodzi ndi katundu wace kunkatenga malo a makalata zikwi zingapo a pepala lopyapyala, kalata iri yonse iri ndi sitampa yace. Kalata siidwala m'mwamba, siifuna cakudya kapena pogona, ndipo ikatayika palibe maliro. Mu 1933 makampani asanu anaphatikizidwa kukhala Air France; koma kampani yatsopanoyo inalandira njira za ku Ulaya, za ku Asia, ndi ya ku Dakar ndi ku South America. Pakati pa Africa ndi ku Madagascar kunatsala kopanda mwini.

Maganizo ofikitsa ndege ku cisumbuco anali atayamba kale. Kumapeto kwa caka ca 1926 Afalansa anayesa njira ziwiri nthawi imodzi, ina ya pamadzi, ina ya pamtunda. Oyamba kunyamuka anali asilikari a pa nyanja. Pa 12 October ndege ziwiri zotera pamadzi, zokhala ndi mimba yonga ya bwato, zinacoka pa thamanda la Berre pafupi ndi Marseille. Nzeru yace inali yakuti mu Africa mabwalo a ndege anali owerengeka, pamene mitsinje ndi nyanja zinalipo zambiri, zosafuna kulambula kapena kusalaza. Ndege imodzi inaonongeka injini pa Lokoja, ku Nigeria. Inzace, imene ankayendetsa Bernard pamodzi ndi makaniko wace Bougault, inapitirira. Inatsata mitsinje kufika ku Stanleyville pa Congo, inatera ku Albertville pa nyanja ya Tanganyika, nilumpha mtunda kufika pa nyanja ya Nyasa, nitera ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi. Woyang'ana pa mapu aona kuti ndege yocokera ku nyanja ya Tanganyika kunka ku Fort Johnston, ngati siifuna kutalikirana ndi madzi, iri ndi utali wonse wa Nyasa pansi pace, mamailosi oposa 350, kudutsa pakati pa Nkhata Bay kumadzulo ndi Mbamba Bay kum'mawa. Bernard anafika ku Majunga pa 21 November, nabwerera kwao podzera ku mtsinje wa Nile mu January 1927.

Njira ya pamtunda anaiyesa Jean Dagnaux, msilikari amene anaduka mwendo pa nkhondo koma osaleka kuuluka. Iye anacoka ku Paris pa 28 November 1926 pa ndege ya mawiro, anaoloka cipululu ca Sahara ndi nkhalango za ku Congo, nafika ku Tananarive mu February 1927, atatha miyezi iwiri ndi theka m'njira. Bernard anali atatha masiku 40 okha. Munthu woweruza nthawi imeneyo akadati njira ya pamadzi yapambana.

Ikadapambanadi, anthu a m'mbali mwa nyanja ya Nyasa akadapezeka pa msewu waukuru wa makalata, ndipo ena a iwo ankausowa kwambiri. Tsidya la kum'mawa, m'dziko limene linali Tanganyika, lero Tanzania, mapiri amatsika molunjika kumadzi, nasiya kamtunda kopapatiza pamene pali midzi ya asodzi, ku Mbamba Bay, ku Liuli ndi ku Lituhi. Kumtunda kwace kuli dziko la Amatengo ndi midzi ya m'mapiri monga Tingi. Mzinda wa Dar es Salaam unali kutali kotero kuti kwa anthu a kugombe khomo loturukira kunja linali nyanja yomweyo. Ankayembekeza utsi wa Chauncy Maples, sitima ya amishoni a ku Likoma imene inayamba kuyenda mu 1901, kapena wa Guendolen, sitima ya Boma la Nyasaland, ija inalemaza sitima ya Ajeremani pa Liuli mu August 1914. Kalata yopita ku midzi ya m'mapiri, kaya yatsikira pa gombe kaya yadzera ku Songea, mtunda wotsalawo inkayenda pamutu pa mtengatenga.

Koma ulendo umodzi wa munthu wolimba mtima ndi cina, ndipo kuyenda mlungu uli wonse pa tsiku loikika ndi cinanso. Mimba ya bwato ndi yolemera, ndipo kulemera kumeneko kumadya malo a petulo ndi a makalata. Mitsinje imaphwa m'cirimwe niturutsa miyala ndi mcenga. M'dzinja imakokolola mitengo. Ndipo mvuu yobvuuka mwadzidzidzi kutsogolo kwa ndege yothamanga pamadzi ikwanira kutha ulendo wonse. Nyanja ya Nyasa nayo, ngakhale m'mawa ioneka yofatsa, iri ndi mwera, umene m'miyezi yozizira umaomba masiku otsatizana, kutsata utali wonse wa nyanja kucokera kummwera, nuutsa mafunde onga a m'nyanja ya mcere. Anthu a ku Mbamba Bay safuna kuuzidwa za mphepo imeneyi. Pa 30 July 1946 sitima yatsopano ya Vipya, itacoka pa dooko lao kunka tsidya lina, inagudubuzika ndi namondwe pafupi ndi Florence Bay, ndipo anthu 145 anamira. Madzi amene anagwetsa sitima ya citsulo sakadalekerera ndege ya matabwa ndi nsaru.

Cifukwa cina cinali ca ndalama. Ndege zinkatsata masitampa, ndipo masitampa anali ku migodi ndi ku mizinda ya Azungu. M'midzi ya asodzi munalibe makalata okwanira kulipira ngakhale petulo ya tsiku limodzi.

Amene anatsiriza mlanduwu ndi Angerezi. Mu 1919 iwo anali atalambula kale mabwalo a ndege kucokera ku Cairo kufika ku Cape Town, ndipo limodzi la mabwalowo linali ku Broken Hill, kumene njanji inafika mu 1906 cifukwa ca mgodi wa mtobvu. Mu January 1932 Imperial Airways inayamba kunyamula makalata mlungu uli wonse kucokera ku London kufika ku Cape Town. Ndege zace zinkatsika kudzera ku Nairobi ndi ku Dodoma kufika ku Mbeya, mamailosi osapitirira 60 kucokera ku mutu wa nyanja. Koma pamenepo zinkaifulatira nyanjayo, nizikhotera ku Mpika, ku Broken Hill ndi ku Salisbury. Ngakhale Blantyre anangolandira nthambi ya tindege tating'ono. Tsono Afalansa a ku Madagascar anawerengera motere: kumanga njira yaoyao kucokera ku France kukadatenga zaka ndi cuma cambiri, pamene njira ya Angerezi inkadzera kale ku Paris. Cofunika cinali kungolumikiza cisumbu cao ku njira imeneyo. Broken Hill anali ndi bwalo, njanji yobweretsa petulo, ndi lamya. Ndipo anali ndi ubwino winanso, pakuti ali pafupi ndi Elisabethville, lero Lubumbashi, kumene njira ya Afalansa yocokera kumpoto ikadatha kudzafika tsiku lina.

Nchitoyi inapatsidwa kwa anthu awiri odziwika kale m'dziko lonse la France, Jean Assollant ndi René Lefèvre. Mu 1929 iwowa, pamodzi ndi mnzao Armand Lotti amene analipira zonse, anafuna kuoloka nyanja ya Atlantic pa ndege ya cikasu, dzina lace Oiseau Canari. Boma lao linali litaletsa maulendo otere cifukwa ca kucuruka kwa amene anamira, cotero iwo anaitengera ndegeyo ku England, naikweza pa sitima kunka nayo ku America, kuti akayambire kumeneko. Pa 13 June ananyamuka pa mcenga wa Old Orchard, ndege ikukwera mobvutikira, mcira uli pansi, iwo osadziwa cifukwa cace. Patapita kanthawi kunaturuka mnyamata wa ku America, Arthur Schreiber, amene anali atabisala kumcira kuti akaone Ulaya. Kumtaya m'nyanja sikukadatheka. Kulemera kwace kunadya petulo, ndipo atauluka maora 29 anatera pa gombe la ku Spain, osafika ku Paris. Anali Afalansa oyamba kuoloka Atlantic ya kumpoto pa ndege, ndipo tsiku limenelo anaona ndi maso ao kuti katundu wosawerengedwa amalipiridwa ndi mamailosi. Anthu otere ndiwo ankafunika pa njira ya ku Broken Hill.

Kampani yao siinali ya amalonda. Inali ya Boma, yoyendetsedwa ndi ndalama za Boma, ndipo anthu ankaidziwa ndi dzina lakuti Régie Malgache. Inayamba ndi ndege ziwiri zokha za mtundu wa SPCA 218, zacitsulo, mapiko ali pamwamba, iri yonse ndi injini zitatu zazing'ono. Malo oopsya anali nyanja ya pakati pa Madagascar ndi Africa. Kucokera ku Majunga kufika ku Mozambique pali mamailosi ngati 370 a madzi okhaokha, ndipo ndege yoyenda mamailosi ngati 100 pa ora inkatha maora oposa atatu osaona mtunda. Ndico cifukwa ca injini zitatu zija: imodzi ikazima, ziwiri zinkatsala. Pakati pa nyanjayo pali kacisumbu ka Juan de Nova, pamene mu December 1929 ndege ya Marcel Goulette, pobwerera ku France, inatera petulo ikudontha, nikhala pomwepo kufikira February. Ndipo mu 1934 panakonzedwa bwalo lothawirapo. Kuyambira December kufikira March nyanja imeneyo imakhala ndi mikuntho yoononga midzi, koma makalata sanali kudikira nyengo.

Pamtunda mabvuto anali ena. Kucokera ku Mozambique kufika ku Quelimane ndi mamailosi ngati 320 m'mbali mwa gombe. Kucokera ku Quelimane kufika ku Tete ndi ngati 250, ndipo mzere woongoka pakati pa mizinda iwiriyo umakhudza nsonga ya kummwera kwa Malawi, pafupi ndi Port Herald, lero Nsanje. Kumanzere kwa woyendetsa kunali Zambezi, ndipo kuyambira mu 1935 panali cizindikiro cosasokoneza, mlatho wa njanji wa Dona Ana pa Sena, wotalika mamailosi oposa awiri. Kucokera ku Tete kufika ku Broken Hill ndi ngati 360, pamwamba pa mapiri ndi thengo, kuoloka Luangwa pafupi ndi pamene msewu wa ku Lusaka ndi ku Chipata umaolokera. Ulendo wonse unaposa mamailosi 1,500, wosatheka pa dzuwa limodzi. M'cirimwe utsi wa moto wa m'thengo unkabisa nthaka, ndipo m'dzinja mitambo inkabisa mapiri, mabwalo ali matope. Wocedwa tsiku limodzi ankapeza ndege ya Angerezi itapita, ndipo matumba ace ankagona ku Broken Hill kudikira yotsatira. Zikayenda bwino, kalata imene kale inkatha mwezi inkafika masabata awiri asanathe.

Mabuku a mbiri ya ndege amasunga maina a oyendetsa ndi manambala a injini, koma amene anakonza pansi poterapo sawawerenga. Bwalo la ndege la masiku amenewo linali dambo kapena thengo lolambulidwa ndi nkhwangwa ndi makasu. Zitsa zinkazulidwa ndi manja, ziulu za ciswe zinkagumulidwa ndi kutayidwa m'madengu, ndipo ciswe cikamanganso anthu ankabwereranso. Pa mabwalo amene Angerezi analambula mu 1919 m'dziko limene lero ndi Zambia, amuna mazanamazana anagwira nchito imeneyo miyezi yambiri. Ku Tete njanji inali isanafike, pakuti inafika ku Moatize mu 1949, cotero migolo ya petulo inkayenera kubwera pa sitima za pa Zambezi kapena pa msewu, ndipo inkakwezedwa ndi kutsitsidwa ndi mapewa a anthu, m'mzinda umene kutentha kwace n'kodziwika konsekonse.

Pa Tete pomwepo njira ya ndege inkapingasana ndi njira yina, yakale ndi yodzaza anthu. Amuna a ku Nyasaland opita kukafuna nchito ku Salisbury, ku mafamu a fodya ndi ku migodi, ankatsika ndi miyendo kudzera m'dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi pa Tete, mtolo wa ufa pamutu, masabata angapo m'njira. Mu 1935 komiti ya Boma la Nyasaland inawerengera kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko lao. A tsidya la kum'mawa kwa nyanja nao ankaoloka kudzalowa m'njira zomwezo. Anthu amenewa ndiwo anali ndi njala yeniyeni ya makalata, pakuti m'midzi munali akazi osadziwa ngati ali pa banja kapena ndi amasiye, ndi nkhalamba zodikira ndalama ya msonkho. Koma makalata ao ankayenda pa sitima ya pamtunda, pa lole, kapena m'thumba la mnzao wobwerera kumudzi, ndipo ena sankafika konse. Ndege ya Afalansa inkatera pafupi ndi dooko lao loolokera, nimwa petulo, ninyamuka kunka kumadzulo, iwo akupita kummwera. Afalansa sanalonjeze kanthu kwa anthu a pa Zambezi, cotero sananame. Anali alendo ongodutsa, ndipo akuru anati mlendo ndi mame.

Kudalira Angerezi sikunawakomere Afalansa nthawi yaitali. Dagnaux uja anali asanaleke maganizo ace a njira ya pamtunda. Mu 1934 Boma la France linakhazikitsa kampani yina yace, Régie Air Afrique, niliika Dagnaux kukhala mkuru wace, ndipo ndege zace zinayamba kuoloka Sahara kucokera ku Algiers kunka ku Congo, mogwirizana ndi Sabena, kampani ya a ku Belgium. Mu 1935 a ku Madagascar analandira ndege zazikuru za Bloch 120, za injini zitatu zamphamvu, zokhala ndi mipando ya anthu. Ndipo mu November caka comweco anatalikitsa njira yao kucokera ku Broken Hill kufika ku Elisabethville. Kuyambira pamenepo kalata ya ku Paris inkatha kufika ku Tananarive osakwera ndege ya Mngerezi. Mu 1937 Régie Malgache inalowa mu Régie Air Afrique, niikhala njira imodzi kucokera ku Algiers kufika ku Tananarive. Anacita mwai, pakuti caka comweco Imperial Airways inacotsa njira yace yaikuru pamtunda niika ndege zazikuru zotera pamadzi, zodzera ku Mombasa, Dar es Salaam, Lindi, Mozambique ndi Beira kunka ku Durban. Ndege za pamadzi zinabweranso, koma zinatsata gombe la nyanja ya mcere, ndipo Nyasa anatsalanso pambali.

Nkhondo ya 1939 inadula zonse. Dagnaux, ngakhale anali wa mwendo umodzi ndi wa zaka zoyandikira 50, anabwerera ku usilikari, ndipo ndege yace inagwetsedwa ndi Ajeremani mu May 1940. France itagonja, akuru a ku Madagascar anamvera Boma la ku Vichy, ndipo Angerezi, poopa kuti Ajapani angalande madooko a cisumbuco, anacithira nkhondo mu May 1942. Assollant anali atabvalanso zausilikari. Pa 7 May ananyamuka pa ndege ya nkhondo kunka ca ku Diego Suarez, nakomana ndi ndege zocokera pa sitima ya nkhondo ya Angerezi, naphedwa ali ndi zaka 36. Anafa ndi mfuti za mtundu womwewo wa anthu amene ankawapatsira matumba a makalata pa bwalo la Broken Hill.

Mu September caka comweco asilikari a King's African Rifles, mwa iwo a ku Nyasaland, anatsika pa dooko la Majunga, nayamba ulendo wa ku Tananarive, Afalansa akugwetsa milatho ndi kutseka msewu ndi miyala ndi mitengo. Analowa mumzindawo pa 23 September, atatha pafupifupi masabata awiri pa mtunda umene ndege ya makalata inkaudutsa m'maora owerengeka. Asilikari a ku Northern Rhodesia nao anatumizidwa ku cisumbuco, ndipo nkhondoyo inatha mu November. Umo ndi momwe ana a m'midzi ya ku Shire ndi ku Luangwa anaonera mbali yina ya njira ija, osati pa ndege, koma pa sitima ndi pa miyendo.

Régie Air Afrique inamezedwa ndi Air France mu 1941. Dzina lace linatengedwanso mu 1961 ndi kampani yina, ya maiko a Africa amene anali atangolandira ufulu, imene inatha mu 2002. Lefèvre yekha ndiye anapulumuka nkhondo, nagwira nchito ku Air France, namwalira mu 1972. Nkhondo itatha kunabwera ndege za injini zinai, zouluka mamailosi zikwi osatera, ndipo makalata a ku Madagascar anayamba kudzera ku Cairo ndi ku Nairobi. Ku Tete ndi ku Broken Hill kunalibenso cowaimitsa. Nyanja ya Nyasa inalandiranso ndege za pamadzi kwa kanthawi kocepa: kuyambira kumapeto kwa 1949 ndege za BOAC zopita ku Johannesburg zinkatera ku Cape Maclear, koma patatha caka cimodzi kampaniyo inaleka ndege za pamadzi zonse. Cimene cinafika ku gombe la kum'mawa ndi sitima yolowa m'malo mwa Vipya. Ilala, yopangidwa ku Scotland ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda mu 1951, ndipo kwa zaka zambiri anthu obwerera kwao ku Liuli, ku Tingi ndi ku Songea ankatsikira m'maboti ace pa mcenga wa Mbamba Bay.